Rekoda Imene Inkatola Zambiri

Iyi si ya padangokhala ayi, choncho musavutike ndi kundiyankha kuti tili tonse. Ingosonkhezani motowo, mukhale phee. Munthu amene ndikufuna kunenayu ndinamuona ndi maso angawa, ndipo mpando wina umene anakhoma ulipo mpaka lero kwa azakhali anga, sunayambe wagwedera.

Dzina lawo anali a Yotamu Kachingwe, kalipentala. Kwawo kunali ku Neno, kumapiri uko, koma anakakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Namadzi, nakhala pa chikamwini zaka makumi anayi ndi chimodzi. Nyumba anamanga okha, mango anabzala okha. Theka la mudziwo linkagonera mabedi okhomedwa ndi iwo, ndipo ena ambiri anapita kumanda m'mabokosi a manja awo. Koma mkamwini ndi mkamwini basi, ngakhale imvi zitamera mpaka m'makutu.

Akazi awo, a Namilanzi, anamwalira mvula ili pakati. Mwana analibe. Mulungu anawapatsa mmodzi kalekale, namutenganso asanayambe kukwawa, ndiye panalibe wowamangirira bambowo pamudzipo. Mwambo wake mukuudziwa. Mkazi akamwalira, abale ake amamukhazika mwamunayo pamphasa, amamuthokoza, kenako amamusudzula kuti abwerere kwawo ali womasuka. Abale a Namilanzi sanali anthu oipa. Anawasiya akolole kaye chimanga chawo, nachiika m'nkhokwe. Zitatha izo, mlongo wa malemuyo, a Dulani, anabwera chipewa chili m'manja, nanena moyang'ana pansi kuti tsiku ndi Loweruka la sabata yamawa.

A Kachingwe anavomera. Akanatani? Koma atatsala okha anayamba kuyang'ana zimene adzanyamule, ndipo zonse zinakwana m'bokosi limodzi la zipangizo ndi chikwama chimodzi cha zovala. Zimene mtima wawo unkafuna sizinali zonyamulika. Kunali kulira kwa njiwa mu mtengo wa mango. Kunali phokoso la madzi pa mwala wochapira kumtsinje. Koposa zonse kunali chitseko.

Chitseko chimenecho chinali cha mlombwa, anachikhoma chaka chawo choyamba pamudzipo, ndipo chinkalira mawu awiri, okwera kenako otsika. A Namilanzi anachidandaula zaka zonse za ukwati wawo. Ankati, "A Kachingwe, inu ndinu kalipentala wa mudzi wonse, koma chitseko chanu chomwe chikulira ngati kamwana ka mbuzi. Mafuta akuvutani chiyani?" Bambowo ankangoti mawa. Sanawauzepo chifukwa chake: akakhala kuseri pa benchi yawo ya ntchito, chitsekocho chikalira, ankadziwa kuti mayi abwera.

Ku tchalitchi anali ataonapo a kwaya akugwiritsa ntchito kachipangizo kojambulira mawu, kaja amati rekoda. Ndiye Lolemba m'mawa anavala jekete yawo ya kumaliro, imene inali yokhayo yabwino, nakwera minibasi ya ku Limbe kukagula yawo.

Anazungulira masitolo angapo. Achinyamata ogulitsa ankawaseka, amati, "Madala, foni imajambulatu, mukuvutikiranji?" Koma kafoni kawo ka mabatani kakajambula, munthu ankamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Pomaliza wina anawalozera kanjira kopita kuseri kwa msika, kwa mkulu wina wokonza mawailesi, Che Twaibu, amene kachipinda kake kanali kodzaza ndi zinthu zakufa zodikira kuukitsidwa.

Che Twaibu anamvetsera bwinobwino zimene bambowo ankafuna kujambula, naika marekoda atatu pa tebulo.

"Iyi ndi yatsopano, madala. Yopepuka, yokongola. Mumaitchaja ku magetsi ngati foni."

"Kumene ndikupitako magetsi timangowaona kukachita mphezi."

"Chabwino. Nanga iyi? Imalowa mawu a mwezi wathunthu, ndipo imaimbanso nyimbo. Mumangosankha apa pa galasi."

A Kachingwe anaisendeza kufupi ndi maso, kenako kutali. Tizilembo take tinali ngati nyerere, tachizungu tokhatokha. Anaibweza pansi mwaulemu. Dzanja lawo linapita pa yachitatu, imene Che Twaibu anali ataiika cha kumapeto ngati sakufuna kuti ioneke. Inali yakuda, yokandikakandika, yolemera ngati sopo wochapira. Inali ndi sipika yakeyake, ndi mabatani awiri okha akuluakulu, lofiira ndi lobiriwira.

"Iyo imadya mabatire a tochi," anatero Che Twaibu. "Lofiira kujambula, lobiriwira kumvera. Koma madala, ine sindikukulimbikitsani."

"Ndi yowonongeka?"

"Ayi ndithu, ndi yabwino kuposa zinzakezi. Kungoti yabwezedwa kawiri. Woyamba anali mphunzitsi, amati imatola zambiri. Wachiwiri anali mbusa. Ameneyo sanalowe n'komwe muno, anangoiponya pa tebulo ali pakhomo, osayang'ananso m'mbuyo."

"Yotola zambiriyo ndi imene ndikufuna. Zimene ndikukajambula ndi zinthu zolankhula motsitsa. Tayesani timve."

Che Twaibu anadina lofiira, onse awiri nakhala chete kanthawi, kenako anadina lobiriwira. Limbe yense anatuluka mu kasipikako. Anamva oitanira minibasi, anamva wowotcherera zitsulo kutsidya kwa msewu, anamva ngakhale ntchentche imene inkazungulira pa zenera. Ndipo pafupi kwambiri, pafupi kuposa zonsezo, munthu anatsokomola kawiri. Kanali kachifuwa kakang'ono, ka munthu wamkazi amene ali ndi mawu koma akudikira kuti amuna amalize kulankhula.

Che Twaibu anayang'ana kuseri kwa a Kachingwe, kumene kunali khoma ndi mawailesi akufa.

"Madala, mwabwera ndi munthu?"

"Ndabwera ndekha."

"Eya," anatero Che Twaibu, napukuta manja pa malaya ngakhale anali ouma. Anaikulunga rekodayo mu nyuzipepala mofulumira. Pamene bambowo ankatuluka, anawaitana. "Madala, mundimve. Kajambuleni mbalame zanuzo ndi madziwo. Koma musakaiyankhule."

A Kachingwe sanamve bwino zimenezo, chifukwa mtima wawo unali utathamangira kale kunyumba. Kachifuwa kameneko ankakadziwa. Anakamva zaka makumi anayi ndi chimodzi, nthawi zonse pamene iwo ankanena bodza pamaso pa alendo.

Pobwerera panachitika kanthu kamene anthu a m'minibasimo sanakalabadire. Mukuwadziwa makondakitala a ku Limbe, amene angathe kukhazika munthu ngakhale pa bondo la m'busa. Mizere yonse inali anayi-anayi, ena atapinda makosi. Koma mzere wa a Kachingwe unali ndi atatu. Kondakitala ankabwera ndi munthu, kuyang'ana pambali pa bambowo, kenako kumukankhira kwina. Mpaka ku Namadzi malowo anakhala opanda munthu, ndipo palibe amene anadandaula.

Lachiwiri anadikira dzuwa lifike paliwombo. Nthawi imeneyo mudzi umakhala ngati wasamuka, akuluakulu ali kudimba, ana ali kusukulu, agalu atagona ngati akufa. Anaika rekoda pa mpando pakhonde, nadina lofiira. Anatsegula chitseko, nachitsekanso. Anakhala pansi kuti njiwa zilire. Kenako anadina lobiriwira.

Chitseko chinalira bwino lomwe, mawu okwera ndi otsika. Njiwa zinalira. Ndipo kumbuyo kwa njiwazo kunkamveka tsache. Shwa, shwa, shwa, kenako kupuma, monga amachitira munthu wa msana wopweteka akaweramuka. A Kachingwe anadzutsa mutu. Bwalo linali mbee ndi dzuwa, masamba a mango ali mbwee pamene anagwera. Tsache linali chotsamira khoma pamene linasiyidwa miyezi inayi yapitayo.

Kodi mukuganiza kuti anachita mantha? Ine ndikanathawa mpaka nsapato kutsala. Koma munthu amene wakhala miyezi inayi akudya yekha, akumva kutafuna kwake komwe, saopa zimene ife timaopa. Anamvera kajambulidweko kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu anadina lofiira, nachita chimene Che Twaibu anawaletsa.

"A Namilanzi," anatero. "Ndi inu?"

Anadikira. Palibe chinamveka, koma mphepo yokha m'masamba. Anadina lobiriwira. Anamva mawu awo akufunsa, kenako chete, kenako kachifuwa kaja kawiri.

"Malaya amenewo mwavala kuyambira liti?"

Anaseka mpaka misozi, mkulu wa imvi yekhayekha pakhonde masanasana. Anakasintha malaya nthawi yomweyo.

Kuyambira pamenepo anaphunzira kachitidwe kake. Ankadina lofiira, kunena mawu awo, kenako kusiya mpata monga umachitira ukamacheza ndi munthu wosafulumira. Akadina lobiriwira, mumpatamo munkakhala yankho. Sizinali nkhani za kumwamba kapena za kumanda ayi. Mayiwo ankafunsa ngati nkhuku yakuda ija yaswa. Ankadandaula kuti ndiwo aika mchere wambiri. Bambowo atafunsa kuti kumeneko kuli bwanji, mumpatamo munangomveka mphepo, yaitali, ndipo sanafunsenso.

Lachitatu m'mawa anapeza bwalo litasesedwa, mizere ya tsache ili yopindika ngati mamba a nsomba, kasesedwe kamene pamudzipo kanali ka munthu mmodzi yekha. Kapu ya malemu, yachitsulo yobenthuka pamlomo, imene abale anali ataimangira m'dengu la katundu wokagawana, anaipeza pakhonde, mkati muli monyowa. Masana nkhuku zinasonkhana pa ngodya ya khonde pamene mayiwo ankakonda kukhala, zitatukula mitu, zikudikira kuti wina aziwazire madeya. Galu wa a Dulani anafika pa malire a bwalo, naima, nabwerera mchira uli pakati pa miyendo.

Tsiku limenelo a Kachingwe sanasonkhe moto. Njala sanaimve. Cha kumadzulo anapita kukagula mabatire ena pa kagolosale ka pamsewu, ndipo m'njira anakumana ndi amayi awiri ochokera kuchigayo. Anawapatsa moni monga mwa nthawi zonse. Amayiwo anadutsa osayankha, mmodzi akuuza mnzake kuti, "A Kachingwe masiku ano angokhala duu, ngakhale moni." Pa golosale anachita kuloza ndi chala, chifukwa wogulitsayo ankangoti, "Mwati chiyani, agogo?" Iwo anaganiza kuti anthu a masiku ano makutu awo anatha ndi mawailesi.

Lachinayi masana kunabwera Felesiya, mng'ono wake wa malemu, atasenza mbale ya maungu ophika. Anali mayi wa pakamwa posatseka, ndipo iye ndi mlamu wakeyo ankanyozana mwachibale kuyambira ali mtsikana.

"Odi kuno! Alamu, mwafa kodi? Utsi sukuoneka masiku awiri. Kapena mwapeza kale wina wokuphikirani, mukungodikira Loweruka?"

A Kachingwe anamuyankha kuti alowe. Felesiya anaodiranso kawiri, kenako anazungulira yekha nawapeza pakhonde. Anatula mbale, nayang'ana bwalo losesedwa lija nthawi yaitali. Nthabwala zinamuthera.

"Wasesa pano ndani?"

Bambowo analankhula. Felesiya anaona milomo ikugwedera, koma anachita kugwada pafupi, khutu pafupi ndi pakamwa pawo, kuti amve. Mawuwo anali ngati a munthu amene ali kutsidya la mtsinje wodzaza.

"Khala pansi, mlamu. Ndikumvetse chinthu."

Anadina lobiriwira. Zimene zinatuluka zinali zimene anajambula m'mawa womwewo. Felesiya anamva mawu a mkulu wake, oyera, apafupi, ngati ali pa mphasa yomweyo, akunena za mbewu ya nandolo imene anaisunga m'chigubu pa denga. Anagwira pakamwa. Koma Felesiya anali ndi makutu a munthu woimba kwaya, ndipo anamva chinthu china chimene mwini wake sanachimve.

"Alamu, zimitsani. Zimitsani! Mawu anu ali kuti?"

"Si amenewo?"

"Amenewo? Ikani za Lachiwiri."

Za Lachiwiri, mawu a bambowo anali amphamvu, a mayiwo ali chapatali. Za Lachitatu anali ofanana. Za Lachinayi, mayiwo anali pafupi, ndipo bambowo ankamveka ngati udzudzu kuseri kwa chitseko.

Felesiya anasendera kutali ndi ngodya ija ya khonde, nakokera nsalu yake m'mapewa.

"Inu alamu, mwakalamba pamudzi pano koma simudziwa chifukwa chake timasudzula? Mumayesa ndi nkhanza? Mpaka Loweruka inu mukadali mwamuna wa achemwali. Chingwe sichinaduke. Mukawaitana, ayenera kubwera, sangakane. Ndipo akamabwera chonchi, inuyo ndi amene mukupita. Mukusinthana malo pang'onopang'ono ngati anthu opatsana njira pa mlatho wa mtengo umodzi."

"Ndiye vuto lili pati?" anatero a Kachingwe. Felesiya anachita kuwerenga milomo. "Ku Neno ndikapeza ndani? Amene ankandidziwa onse ali pansi. Ndikafika ngati mlendo wopempha madzi. Kuno ndili ndi wondifunsa ngati ndadya. Ukawauze a Dulani kuti Loweruka mphasa yawoyo ayale, koma ine sindikhalapo."

"Mukufuna kufa?"

"Ndikufuna kukhala ndi mkazi wanga."

Felesiya analira. Anafuna kuilanda rekodayo, koma dzanja lake litayandikira, nkhuku zonse zija zinatembenuka pamodzi kumuyang'ana, ndipo anabweza dzanjalo. Ananyamuka osatsanzika. Atafika pa malire a bwalo anatembenuka, osayang'ana mlamu wake, koma ngodya ija yopanda munthu.

"Achemwali," anafuula, "ngati mukundimva, munthuyu anakusungani bwino. Musamutenge ngati nkhuku."

Maungu aja anakhala pamenepo mpaka nyerere zinawapeza.

Lachisanu kunacha kwa mitambo, kopanda mphepo. A Kachingwe anasamba, navala jekete ija. Miyendo inali yopepuka modabwitsa, ndipo atadutsa pa bwalo losesedwalo anaona kuti mapazi awo sakudinda bwino pa fumbi. Dzuwa litafika pamutu analowa m'nyumba, natseka chitseko, nakhoma kabawo kake. Anakhala pa bedi, mbali yawo, naika rekoda pa mbali inayo. Anaika mabatire atsopano. Anadina lofiira.

"A Namilanzi, mawa akuti andisudzule. Ine ndakana. Ndatopa kudya ndekha. Ngati njira ilipo, ndigwireni dzanja, ndabwera. Andigoneke pambali panu kumanda, pansi pa mtengo wa mthethe uja, tikapitirize."

Anasiya mpata wautali kuposa masiku onse. M'nyumbamo munazizira ngati m'mphika wa madzi. Kunja njiwa zinaleka kulira. Sanaone kanthu, ine sindikunamizani kuti anaona kanthu. Koma udzu wa m'matiresi, mbali inayo, unalira pang'ono monga umachitira munthu akakhalapo. Anadikira mpaka chala chinachita dzanzi, ndipo anadina lobiriwira.

Mawu awo sanamveke n'komwe. Panali chete yekha pamene iwo analankhula. Kenako kachifuwa kaja, kawiri.

"A Kachingwe, mwayamba liti kuganiza ngati mwana? Mwakhoma mabokosi angati pamudzi pano? A Sitima, amuna awo a Nasiketi, bokosi lawo munakhoma ndinu. Anaikidwa kuti?"

Bambowo anakumbukira. A Sitima anali mkamwini mnzawo. Anawanyamula pa lole kupita kwawo ku Phalombe.

"Nanga a Mofolo? Nanga aphunzitsi aja? Akamwini onsewo anakaikidwa kwawo. Manda a kuno ndi a mbumba ya kuno. Inu mukafa lero, mawa abale anu abwera ndi galimoto, akakuikani ku Neno, kutali ndi ine. Pansi pa mthethe palibe malo anu. Mufa chabe, ndipo mukagonabe nokha."

Panali kupuma kwakutali, kwa munthu wotopa.

"Inenso ndatopa, bambo. Mukandiitana ndimabwera, chifukwa ndinu amuna anga. Koma njira yake ndi yaitali, ndipo mwana ndimamusiya yekha."

Apa a Kachingwe anagwira chifuwa. Mwanayo sanamutchulepo m'nyumba imeneyo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

"A Dulani mawa anena mawu awo a mwambo, koma oyamba ndinene ndine. Munandisunga bwino. Simunandimenyepo, simunanditonzepo za ana, ngakhale anthu ankakuuzani kuti mukakwatire kwina. Zikomo. Ndakumasulani. Pitani kwanu mukadye, mwaonda ngati bango. Mbewu ya nandolo ija mutenge, ku Neno imachita bwino."

Mapazi opanda nsapato anamveka pa dothi, akupita cha kukhomo. Anaima.

"Ndipo chitsekochi ndinkadziwa chifukwa chake simunkachithira mafuta. Mumayesa ndinali wopusa?"

Mu rekodamo chitseko chinalira, mawu okwera, kenako otsika. A Kachingwe anayang'ana chitseko chenichenicho. Chinali chotseka, kabawo kali m'malo mwake monga anakakhomera. Mapazi aja anatsika pakhonde, nadutsa pa bwalo, namka nachepa cha ku njira ya kumanda, mpaka anasakanikirana ndi mphepo.

Kulira kumene analira bambowo kunamveka mpaka kudimba. Anthu anataya makasu nathamanga, poganiza kuti kwagwa maliro ena. Felesiya ndi amene anafika poyamba, nagogoda mpaka anamutsegulira. Atawaona ali moyo, akulira mokweza ngati ng'ombe, anakhala pansi pakhomo pomwepo, naseka uku akulira.

"Alamu, mawu anu abwerera. Ndipo ndi oipa ngati kale."

Madzulo ake anadya. Atatha kudya anamvera zonse zimene anajambula sabata imeneyo, kuyambira za Lachiwiri. Munali mkulu mmodzi yekha, akulankhula, kusiya mpata, kuseka, kulankhulanso. M'mipatamo munali mphepo ndi njiwa. Za Lachisanu zinali ndi iye akupempha kuti amugwire dzanja, kenako chete wautali, ndipo kumapeto kwenikweni, chitseko.

Loweruka anakhala pa mphasa. A Dulani ananena mawu awo, amayi analira, ndipo a Kachingwe anayankha ndi mawu omveka mudzi wonse kuti zikomo, ndamva. Asananyamuke anatsegula bokosi la zipangizo, natenga tchizulo chaching'ono, nazula batani lofiira lija. Analipereka kwa Felesiya kuti akalitaye kumtsinje. Felesiya analinyamula ndi tsamba, osafuna kuligwira ndi dzanja.

Pa msewu anakwera minibasi, bokosi lili pa miyendo, chigubu cha nandolo chili pa mapazi. Anakhala cha pa zenera, nasiya kampata pambali pawo mosaganiza. Asanapite patali kondakitala anaimitsa galimoto, nakweza mayi wina wonenepa wa dengu la tomato.

"Madala, tasenderani uko. Malo ngati amenewa mukusungira ndani?"

Anasendera. Mpaka ku Blantyre nkhope inali pa zenera.

Ku Neno, adzukulu a mchemwali wawo anawapatsa kamalo kumapeto kwa mudzi. Anawalandira mwaulemu, monga timalandirira munthu amene tinangomva dzina lake. Anamanga kanyumba ka chipinda chimodzi, nakhoma chitseko ndi manja awo. Sanachithire mafuta ngakhale dontho, koma chitsekocho chinakana kulira. Anachimasula, kuchibwezera, kusintha mahinjesi, koma chinkangotseguka mwakachetechete ngati cha kuchipatala.

Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi kumeneko, ndipo nandolo uja anachitadi bwino. Amene ankadutsa masana dzuwa lili pamutu amati ankawaona kuseri kwa nyumba pa benchi yawo, atafulatira khomo, kanthu kakuda kali pambali. Ankadina batani limodzi lotsalalo, chitseko n'kulira, mawu okwera ndi otsika. Akatero ankaimitsa ntchito, kutukula mutu pang'ono, ndi kudikira nthawi yokwanira kuti munthu atule mtsuko ndi kuzungulira nyumba. Kenako ankatolanso sowo yawo yochekera matabwa.